Khosi Kapena Mchira

Pa Chitakale, kuseri kwa chigayo chomwe chinafa,
a Napwanga akweza magalasi awo akuda pachipumi
n'kundiloza ndi ndodo yowotcherera ikadali kufuka:
"Nenani lero, a Mulipa.
Kalavani yanuyi tiipatse khosi
kapena tiimange kumchira?"

Ndangoti chilili. Chiperoni chikundinyowetsa kolala.
Pikapu yanga ili apo, inali yoyera kalekale,
nyali imodzi yomangidwa ndi waya.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinasenza zikwama za alendo
kuchoka pa Likhubula kukatula ku Chambe,
mpaka mawondo anayamba kulira ngati chitseko.
Tsopano ndikufuna kuwakokera kanyumba ka matayala,
mabedi awiri, kazenera koyang'ana kuphiri,
azigona m'tsinde, azikwera ndi anyamata a lero,
ine ndiziwadikira pansi ndi ketulo.

Za katundu musandiphunzitse.
Msana wanga ukudziwa
kuti cholemera chimafuna kukhala pafupi ndi fupa.
Chikwama cholendewera kumatako
chimakugwetsa pamwala woterera wa ku Chapaluka
mlendo akujambula mathithi.

Ndiye ya khosi ija ndimaimvetsa.
Imaweramira m'bodi
n'kukhazika chibwano pamwamba penipeni pa matayala akumbuyo.
Galimoto ikakhota, nayo yakhota.
Lole ya tiyi ikadutsa ndi chimphepo chake
iyo osatekeseka n'komwe.
"Koma tiboola bodi," akutero a Napwanga,
"mabawuti asanu ndi atatu, chimbale chachitsulo pakati.
Mukatero muiwale zonyamula china."

Apo ndiye pagona nkhani.
Bodi imeneyo si yanga ndekha.
Lachiwiri ndi Lachisanu, nkhuku zisanatsike,
Elufe amadzazamo zinanazi mpaka pakamwa,
ulendo wa ku Limbe.
Theka la ndalama za pikapuyi
linachoka pamfundo ya chitenje chake, ku banki m'khonde,
ndipo sanandikumbutsepo ndi tsiku limodzi,
zomwe zimandiopsa
kuposa akanamandikumbutsa.

Ya kumchira njotchipa.
Kampira kachitsulo pansi pa bampala, maunyolo awiri, basi.
Ukafika umangomasula, bodi n'kutsala pululu.
Koma ndinaionapo ina pafupi ndi mlatho wa Thuchila
ikuvina kumbuyo kwa mwini wake,
uku, uko, uku,
mpaka inamutembenuza kuyang'ana komwe ankachokera,
mapoto ndi matiresi zili mbwee m'munda wa nandolo.

"Uja anaunjika katundu kumapeto kwenikweni," akutero a Napwanga,
"komanso ankathamanga ngati akuthawa ngongole."
Akukanda ndevu ndi chala chopserera.
Mnyamata wawo waleka kukhoma, akutimvetsera.

Ndazungulira pikapu kawiri.
Pangodya ya bodi patsalira kamutu ka chinanazi ka dzana,
kofota.
Ndakatola. Kandibaya.

Phiri nalo lero lafunda mtambo,
silikufuna kulowerera.

"Kumchira," ndatero.
A Napwanga sanayankhe, angotsitsa magalasi.
Moto wabuluu wayamba kuthetheka pansi pa bampala,
ine ndapereka nkhongo kuteteza maso,
ndikuyala katundu mumtima:
thanki ya madzi ndi mabatire cha kutsogolo,
zofunda kumbuyo,
pamakhotakhota a ku Thyolo giya yachiwiri,
a minibasi azindiimbira hutala mpaka zala ziwawe.
Kutsika phiri pang'onopang'ono ndinaphunzira kale,
sukulu yake inali mawondowa.

Madzulo Elufe adzafunsa kuti zatha bwanji kwa a Napwanga.
Ndidzati ya khosi ija inali yodula.
Adzandiyang'ana kanthawi, mpeni uli m'manja,
kenako n'kupitiriza kusenda,
kukolowola timaso ta chinanazi kamodzikamodzi,
ndipo chibanthu cha kumunsi, chotsekemera chija,
mwina adzakankhira kwa ine.